Mchenga, katondo ndi makande: kuphunzira njinga yamoto m'misewu ya fumbi ya ku Kasungu

Munthu amene akufuna kuphunzira kuyendetsa njinga yamoto kumene kulibe phula safunika kupita kutali ngati amakhala ku Kasungu, chifukwa akangopatuka pa M1 kapena pa M18, kaya kulowera kuzambwe kumene kuli malo osungira nyama zakutchire, kaya kuvuma cha ku Chamama, chimene amakumana nacho ndi dothi lokhalokha. Ine ndinayamba maulendo oterewa nditayenda kale paphula kwa nthawi yaitali, ndipo ndinapeza kuti luso la paphula limathandiza pang'ono chabe. Phula ndi limodzimodzi kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu, kupatula maenje ake, pamene msewu wa fumbi umasintha kangapo pa mtunda waufupi, ndipo umasinthanso mwezi ndi mwezi. Woyendetsa amene satha kusiyanitsa mchenga, katondo ndi makande adakali patali amagwa ndithu, ngakhale njinga yake ikhale yodula motani.

Za kudulaku ndiyenera kunenapo, popeza ambiri a ife tinakopeka ndi maulendowa titaona alendo akuthira mafuta pa boma la Kasungu, ali pa njinga zikuluzikulu za BMW zokhala ndi mabokosi achitsulo m'mbali. Njinga za mtundu umenewu zinatchuka chifukwa cha mpikisano wochokera ku Paris kukafika ku Dakar, umene Thierry Sabine anauyambitsa mu Disembala 1978. Amene anapambana ulendo woyambawo, Cyril Neveu, anali pa Yamaha XT500, njinga yosalemera kwambiri ya silinda imodzi. Kampani ya BMW inatulutsa R80 G/S mu 1980, Hubert Auriol n'kupambana mpikisanowo pa BMW mu 1981, ndipo Honda inabweretsa Africa Twin mu 1988. Kuyambira pamenepo njingazi zakhala zikukulirakulira, moti BMW GS ya masiku ano imalemera pafupifupi makilogalamu 250 isanasenze katundu. Njinga yotere ndi yabwino pochoka ku Cape Town kupita ku Nairobi, koma ikagona mumchenga wa ku Chulu wophunzira sangaidzutse yekha mosavuta, ndipo munthu amene akuopa kugwetsa njinga yake saphunzira kanthu.

N'chifukwa chake ndimaona kuti wophunzira ayambe ndi njinga zimene timazidziwa kale kumudzi, monga Yamaha DT125, Honda XL125 kapena Yamaha AG200. Yotsirizayi anaipangira alimi a ziweto a ku Australia ndi ku New Zealand, ili ndi tcheni chotchingidwa kuti fumbi ndi matope zisachidye, ndipo kuno yatumikira alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo kwa zaka zambiri. Chofunika kuyang'ana pogula si mphamvu ya injini, koma kupepuka kwa njinga, kutalika kwake kuchokera pansi, ndiponso gudumu lakutsogolo. La DT125 ndi la mainchesi 21, pamene njinga zambiri za kabaza zili ndi la 17 kapena 18, ndipo gudumu lalikulu limakwera mwala kapena muzu umene laling'ono limaugunda n'kubwerera.

Amene anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi mpaka kupuma, akuzungulira minda ya fodya panjinga. Pa ulendo wathu woyamba anandiimika pansi pa mtengo n'kunena kuti, "Achimwene, mukuyang'ana tayala ngati likuthawani. Muziyang'ana minda, ndi imene idzakuuzeni za msewu." Zimene ankatanthauza n'zakuti msewu wa fumbi umapangidwa ndi dothi lomwelo limene lili m'minda ya m'mbali mwake. Kumene mukuona mtedza, chinangwa ndi fodya pa nthaka yotuwa, yembekezerani mchenga, makamaka pamalo otsika pamene madzi a mvula anaukokolola n'kuuunjika. Kumene mizere ya chimanga ikuoneka yofiira pali katondo. Mukayamba kuona madimba, bango ndi mitengo ikuchepa, ndiye kuti mukutsikira kudambo ndipo makande ali pafupi. Munthu akazolowera kuwerenga motere amasintha giya ndi kakhalidwe kake panjinga asanafike pamalo ovutawo, osati ali kale pakati pake.

Mchenga ndiwo umagwetsa anthu ambiri kuno, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala utauma n'kupunthidwa ndi ngolo komanso malole a fodya. Tayala lakutsogolo likalowa mumchenga silikungogudubuzika pamwamba ayi, limakumba ngati pulawo, ndipo handulo imayamba kugwedezeka uku ndi uku. Thupi la munthu limafuna kuchita zinthu zitatu nthawi imodzi, kutseka moto, kufinya buleki ndi kuumitsa manja, ndipo zonsezi zimaipitsa zinthu. Mukatseka moto kulemera konse kwa njinga ndi kwa inu kumathamangira kutsogolo, tayala lija limazama kwambiri, limapindikira mbali imodzi, basi mwagona. Chofunika ndi chosemphana ndi zimenezo. Liwiro mumachepetsa pamalo olimba musanalowe, mumasankha giya yachiwiri kapena yachitatu, ndipo mukalowa mumapatsa moto mosadukiza kuti kutsogolo kupepuke ndipo tayala liyandame. Mumaimirira pa zopondera mawondo atapindika pang'ono, matako atabwerera m'mbuyo, miyendo itapana njinga, manja ali omasuka kuti handulo igwedezeke mmene ikufunira. Njinga imene ikuyenda imadziwongola yokha ngati mwini wake sakulimbana nayo. Pofuna kukhota simupotoza handulo, mumaponda mwamphamvu chopondera cha mbali imene mukufuna kupitako, maso ali kutali kumene mchenga ukuthera.

Zimenezi n'zosavuta kuzilemba, koma thupi limatenga nthawi kuti livomere kupatsa moto pamene mtima ukunena kuti imani. Chimene chimathandiza ndi kupeza kachigawo kafupi ka mchenga kopanda mitengo m'mbali, n'kumadutsapo kupita ndi kubwerera mpaka manja ataleka kuuma. Kuphwetsako matayala kumathandizanso chifukwa tayala limatambasuka pansi. Ine ndimatsitsa mpweya kuchoka pa 28 kufika pa 18 kapena 20 pa geji, osapitirira apo, popeza tayala lofewa kwambiri limatsina chubu likagunda mwala, ndiponso limatha kuzungulira pa limu n'kung'amba valavu. Choncho pampu isamasiyidwe kunyumba, chifukwa pobwerera paphula mpweyawo uyenera kubwezeredwa.

Anyamata a kabaza amadutsa mchenga mwa njira ina, atakhala pansi, miyendo ili kunja ikupalasa. Sindiwanyoza, chifukwa munthu amene wanyamula mayi ndi mwana ndi thumba la feteleza sangaimirire, ndipo ambiri a iwo amaudziwa msewu wawo kuposa ine. Koma wophunzira asatengere zimenezo ngati luso lake lokhazikika, popeza phazi limene likukwekwereza pansi limakodwa pachitsa kapena kupanidwa ndi chopondera, ndipo akakolo ambiri athyoka motero. Amene akukayika kuti mchenga ndi mphunzitsi wabwino aone Ross Branch wa ku Botswana, dziko la mchenga wa Kalahari, amene anakhala wachiwiri pa mpikisano wa Dakar mu 2024 n'kutenganso ukatswiri wa dziko lonse lapansi wa mipikisano yotere chaka chomwecho.

Pali vuto lina limene alendo aja salidziwa kwenikweni, la mikwasa ya ngolo. Magudumu a ngolo amasiya ngalande ziwiri zopapatiza, ndipo pakati pake ng'ombe zimaponda n'kufewetsa. Mukalowa m'ngalande imodzi khalani momwemo mpaka ithe, chifukwa kuyesa kutulukamo mopendekeka kumachititsa kuti tayala lakutsogolo likwere pamene lakumbuyo latsalira, njinga n'kupingasa. Ngati n'koyenera kutuluka, chepetsani liwiro ndipo mudule m'mphepete mwake molunjika.

Katondo akauma savuta. Amalimba bwino, kungoti misewu imene pamadutsa galimoto zambiri imachita timabampu tondondozana timene timamasula mabawuti, ndipo m'makona mumadzaza timiyala toterera. Apa buleki yakutsogolo isatayidwe, chifukwa ndi imene imaimitsa njinga, koma ifinyidwe pang'onopang'ono ndi zala ziwiri njinga ili chilili, osati ili pakati pa kona. Pokhota mumapendeketsa njinga yokha, thupi lanu n'kutsalira kunja kwa kona, zimene n'zosiyana ndi paphula. Katondo yemweyo akanyowa ndi mvula yoyamba amaterera koopsa, ndipo popeza msewu umakhala wokwera pakati, njinga imatsetserekera yokha kungalande. Ola limodzi lodikira dzuwa pansi pa chigafa limapulumutsa zambiri.

Makande ndi nkhani ya Januwale mpaka Malichi. Dothi lakudali silingoterera chabe, limamata. Limakuta tayala mpaka mano ake osaonekanso, kenako limadzaza pakati pa tayala ndi madigadi, ndipo ngati madigadiyo ili yotsika gudumu lakutsogolo limangoima njinga ikuyenda. Ichi n'chifukwa chake njinga za m'tchire zimakhala ndi madigadi yokwezeka, ndipo amene ali ndi yotsika ayende ndi kamtengo kokolopolera matope. Kulimbana ndi makande popatsa moto wambiri klatchi itafinyidwa theka kumangopsereza klatchiyo, ndipo nthawi zambiri nzeru ndi kutsika, kuika giya yoyamba, n'kuyenda pambali pa njinga mukuiwongolera. Madambo amenewa ndiwo amathira madzi m'mitsinje ya Bua, Rusa ndi Dwangwa, choncho timitsinje timene mu Ogasiti timakhala mchenga wokhawokha timadzaza m'maola ochepa kukagwa mvula kumtunda. Musanawoloke tsikani muyendemo ndi miyendo kuti mudziwe kuya kwake ndi zimene zili pansi. Madzi akafika pamene injini imakokera mpweya musayese n'komwe, ndipo njinga ikazimira m'madzi musailize, chifukwa madzi amene alowa mu silinda sapanikizika ndipo amapinda chitsulo cha pisitoni. Choyamba ndi kuikankhira kumtunda, kuchotsa pulagi, kupopa kiki kuti madzi atuluke, ndi kuona ngati oyilo sanasanduke woyera. Pa milatho ya mitengo yoyalidwa motsata msewu, tayala limatha kulowa pakati pa mitengo iwiri, ndipo ine ndimangokankha.

Njinga yoyenda m'fumbi imafuna kuisamalira pafupipafupi kuposa ya m'tauni. Fyuluta ya mpweya iyenera kutsukidwa pambuyo pa ulendo uliwonse wa m'chilimwe, popeza fumbi likadutsa limapala silinda. Tcheni chisakungike kwambiri, chifukwa shoko ikatsika pabampu tchenicho chimakokeka. Masipoko muziwagogoda ndi sipana, ndipo imene ikulira mogonthera ndiye kuti yamasuka. M'chikwama musasowe chubu, zigamba, zitsulo zochotsera tayala, pulagi ndi madzi akumwa. Mafuta thirani odzaza pa boma, chifukwa a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu ndi odula ndipo ena amakhala osakaniza. Chipewa choteteza mutu ndi lamulo, koma m'tchire jombo zofika m'miyendo ndi magolovesi n'zofunikanso chimodzimodzi, chifukwa wophunzira amagwa pa liwiro lochepa ndipo chimene chimavulala ndi phazi lopanidwa ndi njinga kapena katumba wopsa ndi ekizozi.

Kuwerenga msewu kumaphatikizanso zizindikiro za anthu a m'mudzimo. Masamba akaikidwa pamsewu ndiye kuti pali maliro, ndipo munthu waulemu amachepetsa liwiro, kapena kuzimitsa injini n'kukankha ngati siwa ili pafupi. Kansitu kowirira pakati pa minda yolimidwa kawirikawiri ndi manda, ndipo kanjira kolowera mmenemo si kachidule, makamaka m'dera la Achewa ngati lino kumene malo amenewo ndi a Gule Wamkulu. Mukakumana ndi gule panjira imani pambali kuti adutse. Kumbali ya kuzambwe kuli chinanso: mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera ku Kasungu National Park, ndipo anthu a m'midzi ya m'malire amadziwa kumene zaonekera posachedwa. Kuima pagolosale n'kufunsa sikutaya nthawi, ndipo kuyenda m'njira zimenezo madzulo kapena mbandakucha sikoyenera.

Kwa amene akuyamba, miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Julaye, pamene madambo aphwa koma mchenga udakali wogwirana ndi chinyezi, ndipo kukuzizira moti munthu amatha kuvala jekete lokhuthala tsiku lonse. Ayambire pabwalo la mpira atapempha kwa eni ake, aphunzire kuimirira, kuzungulira pang'onopang'ono osaponda pansi, ndi kudzutsa njinga atafulatira, akukankha ndi miyendo osati ndi msana. Akatero apite pa katondo wouma, ndipo mchenga wa Okutobala audikire mpaka manja atamasuka. Asayende yekha, chifukwa netiweki ya foni imasowa m'madera ena. Ulendo umene ife tikukonzekera tsopano ndi wodzera ku Santhe ndi ku Kapiri, n'kusiya phula kulowera ku Mkanda m'boma la Mchinji, ndipo tisananyamuke ndikufuna kusintha tayala lakumbuyo ndiike la mano akuluakulu, chifukwa limene lilipo linatha pakati ndi phula la M1.