Kompyuta ya 2GB yomwe ikutidyetsa ku Machipisa

Kashopu kathu kali ku Machipisa, ku Highfield mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo nkakang'ono moti anthu atatu akalowa wachinayi amadikira pakhonde. Timapirinta, kufotokopa ndi kulembera anthu makalata ofunsira ntchito. Agogo anga anachokera ku Dedza nthawi ya Nyasaland kudzasaka ntchito kuno, choncho makasitomala oyamba anali akwathu a ku CCAP, ofuna mapepala a nyimbo ndi ndondomeko za ukwati ndi maliro. Lero timalandira aliyense, Chishona ndi Chichewa zimangosakanikirana pakauntala.

Mpamba unali wochepa, ndiye ndinagula kompyuta yakale ya RAM ya 2GB basi (RAM ndi malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwiritsa ntchito nthawi imeneyo). Kulemba ndi kupirinta inkatha bwinobwino. Chimene chinkandisowetsa tulo ndi kuchotsa fayilo m'foni ya kasitomala kuti ifike m'kompyutamo. Mafulashi ankabwera ndi mavairasi obisa mafoda. Zingwe za foni nazo, china chimangotchaja, china sichilowa. Kenako ndinayamba kuuza anthu kuti azinditumizira pa intaneti, ine nkumatsegula uthengawo pa browser, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti. Apa mpamene kompyuta inkafoka, bandulo nayo ikupita.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wina atamanga nsalu yakuda kumutu, chithunzi cha malemu amuna awo chili m'foni. Ankafuna ndondomeko ya maliro mwambo usanayambe masana. Ananditumizira, ndinatsegula, kompyuta inangoti zii, kamuvi sikakusuntha. Ndinaizimitsa nkuyatsanso kawiri, iwo ali chiimire, osadandaula, akungopukuta galasi la foni ndi chala. Titapirinta, nkhope ya bamboyo inatuluka yosaoneka bwino, chifukwa chithunzi chikatumizidwa mwachisawawa chimafinyidwa panjira. Analipira nkuthokoza. Ine mtima unandipweteka tsiku lonse.

Madzulo ake ndinaitana mwana wa mlongo wanga amene amakonza mafoni m'tauni. Anatsegula pamene pamaonetsa mmene RAM ikudyedwera nati, "Malume, taonani apa. RAM ili ngati thebulo logwirirapo ntchito. Lanu ndi laling'ono, koma browser yokhayi yayalapo katundu wake ponse." Anachotsa Windows 7, yomwe inasiya kulandira zotetezera mu Januwale 2020, nkuikamo Lubuntu, mtundu wa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta monga Windows) wopangidwira makina ofooka.

Pulogalamu yotumizirana mafayilo sitinasankhe pongomvera za anthu. Iliyonse tinkaiyika, nkutumiza zithunzi makumi awiri kwinaku chikalata chili chotsegula, maso ali pa nambala ya RAM. Ina inali ndi zotsatsa malonda zongotulukira, ina imafuna akaunti ndi intaneti, zonsezo tinazitaya. Syncthing ndinaikonda, koma ntchito yake ndi kufananiza mafoda a makina ako omwe nthawi zonse, osati kulandira fayilo imodzi ya munthu wongodutsa. Tinakhazikika pa LocalSend. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa, sifuna akaunti, ndipo fayilo imadutsa pa Wi-Fi ya m'shopu momwemo osakafika pa intaneti. Rauta yathu, kabokosi kopereka Wi-Fi, ngakhale ilibe bandulo, bola yayaka, ntchito imayenda. Chithunzi chimafika monga chinajambulidwira.

Vuto linatsala nlakuti si kasitomala aliyense angalole kuika pulogalamu yatsopano m'foni mwake, ndipo sindiwaimba mlandu, mafoni ambiri ngodzaza kale. Ndiye tinapatula foni yakale ya Android kukhala ya pakauntala. Kasitomala amatumiza kufoniyo pa Quick Share (njira ya mafoni a Android yotumizirana zinthu ali pafupi) kapena Bluetooth, ine nkukankhira kukompyuta pa LocalSend. Ndi masitepe awiri, inde, komabe zimatha munthu asanamalize kufotokoza kuti akufuna makope angati. Akamachoka ndimafufuta fayilo yake iye akuona, pakuti zambiri zimene timapirinta ndi ziphaso, masatifiketi ndi makalata a kuchipatala.

Mayi aja anabweranso patapita chaka, pokonzekera mwambo wa chiliza. Ndinawapempha chithunzi chomwe chija, ndinachitumiza njira yatsopanoyi, ndipo pepala litatuluka anachiyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene, ngakhale kachipsera ka pachipumi kakuoneka," anatero. Tsiku limenelo ndalama ya chithunzi sindinalandire.