Kutsika ku Golomoti kukaona tisanjika ta m'mitsinje

Msewu wa Golomoti umapatuka pa M1 pa Masasa, kumwera kwa boma la Dedza, ndipo umatsetsereka mokhotakhota mpaka kukakumana ndi M5. Ambiri amadutsa pano akuthamangira ku nyanja. Ife tinatsikira timitsinje ta m'munsi mwa mapiriwa, cha ku Golomoti ndi ku Mua, momwe madzi amayenda pa timiyala asanalowe m'chigwa.

Nsomba yomwe tinkafuna ndi ya banja la mpasa ndi sanjika, lomwe asayansi amalitcha Opsaridium. Mpasa ndi sanjika zimakulira m'nyanja ya Malawi ndipo zimakwera mitsinje pokaswa, koma pali kamlongo wawo kosaposa chikhatho kutalika komwe moyo wake wonse ndi wa mumtsinje. Kanapatsidwa dzina la Opsaridium tweddleorum mu 1996. Thupi lake ndi lasiliva, lokhala ndi mizere yakuda yotsika kuchokera kumsana kulowera kumimba. Tiana ta mpasa ndi ta sanjika tilinso ndi mizere yotereyi, n'chifukwa chake zikakhala zazing'ono zonse zimangoponyedwa m'gulu la matemba. Kusiyanitsa si kovuta. Matemba ambiri ali ndi tindevu pakamwa, kakamwa kakang'ono, ndipo mzere kapena madontho awo amayenda cham'litali, kuchokera kumutu kufika kumchira. Sanjika kamwa lake ndi lalikulu, loyenera kukhwatula tizilombo togwera pamwamba pa madzi.

Nyengo yabwino ndi ya Juni mpaka Ogasiti, madzi atadikha ndi kuyera. M'dzinja musadzivutitse, mtsinje umakhala wofiira ndi matope. Fikani dzuwa litakwera pang'ono, mufunefune pomwe mathamanga akuthera mu kadziwe. Nsombazi zimaima pamenepo mitu italoza kumtunda, kudikira chakudya chobwera ndi madzi. Choncho muzifikire chakumunsi, mowerama, chithunzithunzi chanu chisagwere m'madzi. Mukhale phee kwa mphindi khumi. Mukaponya chiswe kapena kachiwala kumtunda kwake, mudzaona kung'anima kwa siliva kamodzi kokha, kachiwala kapita.

Wofuna kuwerenga mizere atenge beseni loyera, athiremo madzi a mumtsinje momwemo, aikemo nsomba yomwe wagwira n'kuliika pamthunzi. Nsomba isakhalemo kupitirira mphindi ziwiri kapena zitatu. Madzi a m'beseni amatentha msanga, mpweya n'kuchepa, ndipo nsomba yozolowera madzi othamanga imayamba kugona chammbali. Musaigwire ndi manja ouma, mamba ake sachedwa kusupuka.

Chomvetsa chisoni ndi zomwe zikuchitikira timiyala ta mumtsinje. Nsomba za banja ili zimaikira mazira pa timiyala toyera, ndipo mazirawo amapuma ndi madzi odutsa m'mipata yake. Mitengo ikadulidwa kumapiri, madimba nawo n'kufika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula imakokolola dothi n'kutseka mipatayo. Mazira amafera momwemo. Yesani kupalasa pansi ndi phazi: pakatuluka chimtambo cha matope chochedwa kutha, malowo saswerananso nsomba. Pa zimenezi onjezani katupe, mankhwala ophera nsomba omwe amapha dziwe lonse osasankha, ndi maneti a udzudzu omwe maso ake amakola ngakhale kansomba kongoswedwa kumene. Neti imeneyo ntchito yake ndi pa mphasa, poteteza ana ku malungo.

Musanalowe m'madzi, kaonaneni ndi a mfumu kapena akuluakulu a m'mudzi, muwafotokozere chomwe mwadzera. Ndiwo amadziwa madooko abwino ndi maiwe osayenera kupondamo, pakuti kufupi ndi nyanja kuli ng'ona. Pewaninso madzi odikha okhala ndi udzu ndi nkhono, muli likodzo. Valani majombo, chifukwa miyala ya m'mathamanga ili ndi ndere zoterera kwambiri.