Zikope zotupa Lolemba, ukwati wina Loweruka

Ntchito yanga ndi yopaka anthu zodzoladzola kumaso, ndipo kasaluni kanga kali ku Limbe. Lolemba m'mawa ndikusesa, analowa mtsikana wina atavala magalasi akuda. Ndinamuzindikira msanga, anali mmodzi mwa operekeza mkwatibwi amene ndinawapaka Loweruka. Atavula magalasiwo mtima wanga unagunda. Zikope zinali zotupa, zofiira, ndipo kudiso lamanzere nsidze zake zenizeni zinali zitathothoka, pakati patatsala kampata.

"Achemwali, mwatani kumasoku?"

"Anti, ndinafika usiku nditatopa. Nsidze zomata zija ndinangozimatula, kenako ndinasamba ndi sopo wochapira. Masikara amakanika kuchoka, ndiye ndinakhula ndi thaulo."

Sindinamukalipire, chifukwa wolakwa ndinali ine. Tsiku la ukwatilo ndinalangiza mkwatibwi yekha za kachotsedwe, koma atsikana asanu aja ndinangowapaka n'kuwatsanzika. Ndinamukhazika pansi, ndinamuika kansalu kozizira pazikope, n'kumuuza kuti asapakenso kanthu mpaka achire. Ndinamuuzanso kuti akaona mafinya, kapena maso akayamba kuona mwachimbuuzi, athamangire kuchipatala cha maso ku Gulupu, asabwerere kwa ine.

Kutentha kwa mu Okutobala muno mukukudziwa. Mkwatibwi amalira kutchalitchi, amatuluka thukuta pojambulitsa, kenako amaima maola ambiri pa perekaniperekani. Choncho ine ndimachita kusankha dala masikara osachoka ndi madzi, lipisitiki youma, ndi faundeshoni yokhalitsa, pomaliza n'kupoperapo mankhwala okhazikitsa. Zinthu zimenezi anazipanga ndi phula ndi zina zokana madzi, ndipo zimasungunuka ndi mafuta basi. Munthu akalimbana nazo ndi madzi ndi sopo, amathera pokhula, ndipo chimene chimagonja ndi khungu. Sopo wamtanda ndi waukali: pH yake, womwe ndi muyeso wosonyeza ngati chinthu chili cha asidi kapena cha soda, imakhala cha m'ma 9 kapena 10, pomwe ya khungu lakumaso ili pafupi ndi 5.5. N'chifukwa chake nkhope imakhala ngati yakungika ukasamba naye. Komanso khungu lathu lakudali lili ndi khalidwe lake. Pamene lapsa kapena lakhulidwa kwambiri, pochira pamatsala banga lakuda limene limatha miyezi lisanazilale. Atsikana ambiri amene amandipempha kuti ndibise mabanga m'munsi mwa maso, ena mwa mabangawo anachita kuwaitana okha ndi thaulo.

Lachiwiri ndinapita kukagula katundu. Pa zopaka sindichedwa, koma pa zochotsera ndimaima nthawi yaitali. Ndinatenga micellar water, madzi ochotsera zopaka kumaso, mitundu iwiri. Woyamba ndi uja wooneka ngati madzi wamba, wabwino pa zodzola zopepuka za kuofesi. Wachiwiri ndi uja wa magawo awiri, mafuta pamwamba madzi pansi, amene umayamba wakhutchumula, ndipo ndi amene amatha masikara aukwati. Ya Garnier ndi imene ndimaipeza kawirikawiri, ya Bioderma ndi yodula, ndimasungira anthu a khungu losachedwa kuyabwa. Botolo lililonse ndimaona ngati chitsekero sichinatsegulidwepo, ndimaona tsiku lothera ntchito, ndipo chonunkhira kwambiri ndimachisiya, chifukwa perefyumu pafupi ndi diso ndiye chiyambi cha kuyabwa. Timapepala tonyowa tija timene anthu amatikonda ndinagula paketi imodzi, yopukutira m'manja mwanga. Kumaso timangosuntha faundeshoni kuchoka patsaya kupita pachibwano, ndipo kuti tichotse masikara uyenera kutikita mwamphamvu.

Lachitatu kunabwera mkwatibwi wa sabata ino kudzayeserera. Nditamuyang'ana pafupi ndi zenera ndinaona timitsempha tikuonekera m'masaya, khungu lili lopyapyala ngati la tomato wakupsa. Ndinamufunsa mwakachetechete zimene amadzola. Anazengereza, kenako anatulutsa kachubu m'chikwama. Anali mafuta oyeretsa khungu amene anayamba miyezi ingapo yapitayo pofuna kudzawala pa tsiku lake. Pachubupo panalembedwa clobetasol. Amenewa ndi mankhwala amphamvu a matenda apakhungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala, ndipo akadzoledwa kumaso nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu. Ndinamupempha kuti akaonane ndi dokotala wa khungu amuuze kasiyidwe kake, popeza kusiya mwadzidzidzi kumatha kubutsa zotupa, ndipo ukwati unali utatsala masiku atatu. Nkhani imeneyi imandiwawa. Mtsikanayo anali wokongola kale.

Pa khungu lotere sindikanalola kuti akachotse mwachisawawa. Titamaliza kuyeserera ndinamupatsa kalilole kuti achotse yekha ine ndikuona. Tinayamba ndi maso. Ananyowetsa thonje ndi micellar wa mafuta uja, n'kuliika pachikope. Dzanja lake linafuna kuyamba kutikita, ndinaligwira.

"Dikirani kaye asisi. Werengani mpaka 30."

Atatsitsa thonjelo pang'onopang'ono motsata nsidze, masikara anatsalira pathonje okha. Anaseka modabwa. Pa nsidze zomata tinaviika kamtengo ka thonje m'mafuta, n'kudutsitsa pamzere wa guluu kangapo, mpaka ngodya yakunja inanyamuka yokha. Ikanyamuka umakoka molowera kumphuno, ndipo ikakana umawonjezera mafuta. Kenako nkhope yonse: mafuta pang'ono m'manja mouma, kusisita pankhope youma ngati mphindi imodzi, kupukuta ndi kansalu kofewa koviika m'madzi ofunda, n'kusamba ndi sopo wofatsa wakumaso kuti mafutawo achoke. Pomaliza anadzola mafuta ofewetsa khungu nkhope isanaumiretu.

Anandifunsa ngati Vaseline angathandize, popeza ndi amene ali naye kunyumba. Amathandiza ndithu, makamaka pa lipisitiki youma ndi pa guluu wa nsidze, koma ndi wolemera, sachoka ndi madzi okha, ndipo akalowa m'diso umaona mwachimbuuzi kwa kanthawi. Mafuta a mpendadzuwa oyera, osaphikirapo, amagwiranso ntchito bwino, chimodzimodzi a malambe kwa amene angawapeze. A kokonati ndinasiya kulangiza, chifukwa makasitomala anga angapo anatuluka nawo ziphuphu. Pali anthu amene ndimawaletsa mafuta alionse pafupi ndi maso, ndiwo amene anamatitsa nsidze zija za imodziimodzi zokhala milungu ingapo. Mafuta amafooketsa guluu wake, ndiye iwo azigwiritsa ntchito micellar wopanda mafuta.

Lachinayi linali lochapa maburashi ndi masiponji. Mtsikana amene ndikumuphunzitsa ntchito anandifunsa ngati angachotse ndi sipiriti guluu wa wigi amene anatsalira pamphumi pa kasitomala wina. Ndinamuuza kuti sipiriti wathu ndi wa lumo ndi tizitsulo, pamphumi aike mafuta n'kudikira. Ndinamubwerezeranso lamulo la muno, loti guluu wakuda womatira tsitsi sayandikira diso la munthu, ngakhale kasitomala ataumirira kuti amagwira bwino. Kugwira amagwiradi, koma pochoka amapita ndi nsidze za mwiniwake.

Lachisanu, nditamaliza kupaka banja lina lopita kuchinkhoswe, ndinakhala pansi mpaka usiku kukonza timapaketi. M'kalikonse ndinaikamo mathonje ozungulira asanu ndi limodzi, timitengo ta thonje tiwiri, ndi kabotolo kakang'ono ka chochotsera. Kale ndinkapatsa mkwatibwi yekha. Ulendo uno ndinawerenga mutu uliwonse umene ndidzaugwire: mkwatibwi, operekeza asanu ndi mmodzi, ndi amayi awiri. Ndalama yake yachoka pa phindu langa, ndipo kuyambira mwezi wamawa ndiziiphatikiza pa mtengo. Amene adzadandaule ndidzamufotokozera za mtsikana wa magalasi akuda uja, osatchula dzina.

Loweruka tinayamba 4 koloko m'mawa. Mkwatibwi ndinamupaka mopepuka kuposa mmene ndimachitira, poganizira khungu lake, ndipo mankhwala okhazikitsa ndinapopera kamodzi kokha. Galimoto zisanafike ndinaimitsa atsikana onse, ndinawagawira timapaketi, n'kuwasonyeza pa diso langa lomwe. Ena ankamvetsera, ena maso anali pafoni, choncho ndinajambulanso mawu n'kutumiza pa gulu lawo la WhatsApp kuti adzamvere usiku.

Mayi a mkwatibwi anakana kapaketi kawo.

"Mwana wanga, ine zaka zonsezi ndimasamba ndi sopo, nkhope yanga yatani?"

"Zoona amayi, koma zaka zonsezi mumadzola phaudala chabe. Zimene ndakupakani lerozi sizimva sopo. Tengani, mukayese lero lokha."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anamanga kapaketiko pansonga ya chitenje.

Lamulungu nditaweruka kutchalitchi ndinapeza mauthenga atatu. Mkwatibwi anatumiza chithunzi cha nkhope yoyera, yopanda pofiira. Mmodzi mwa operekeza anavomera kuti anagona osachotsa, ndipo amafunsa ngati n'kotheka kuchotsa m'mawa. Ndinamuyankha kuti achotse pompopompo monga ndinawasonyezera, asinthenso nsalu ya pilo. Wachitatu anali mtsikana wa Lolemba uja. Kutupa kunali kutatha, koma kampata ka nsidze kanali kakadalipo, ndipo amada nkhawa chifukwa ali ndi ukwati wina woti akaperekeze mu Disembala. Ndinamuuza kuti nsidze zothothoka zimameranso, ngakhale zimatenga milungu ingapo, mwina miyezi iwiri, ndipo asamatepo china chilichonse pakadali pano. Ndamulemba m'buku kuti abwere kumapeto kwa Novembala ndidzaone mmene zamerera tisanagwirizane za ukwatiwo.