Anandilipiritsa powerengera mawu kuti tioneke pa Google

Tsopano mukalemba "rest house Mchinji" pa Google, malo athu ogona alendo akutuluka, pamapu ndi m'munsi mwake momwe. Ndapuma. Koma njira imene ndadutsa kuti zifike apa sindingaifunire mnzanga aliyense wochita bizinesi pa Boma pano, ndiye ndati ndilembe mkwiyo usanazizire.

Za kugula dzina la webusayiti ndi malo oisungira sindichedwa nazo. Aliyense wokonza mawebusayiti amazidziwa, ndipo mumalipira chaka ndi chaka. Chimodzi chokha, zonse zilembetsedwe pa imelo yanu ndipo pasiwedi ikhale m'manja mwanu. Ndibwererako.

Chimene chinandidya ine ndi nkhani ya kuchuluka kwa mawu. Webusayiti anandikonzera ndi anyamata a pa ofesi ina ku Lilongwe, aulemu, olankhula mosalala. Atamaliza anandiuza kuti, "Bwana, ntchito yatha, koma Google siona tsamba losafika mawu 2,000. Mukafuna kukhala pamwamba tikulembereni nkhani zazitali, mtengo wake timawerengera pa mawu." Anandionetsa pa laputopu yawo kuti kafukufuku akutero. Ine ntchito yanga ndi mabedi, maneti a udzudzu ndi madzi osamba otentha, za Google n'zawo. Ndinatumiza ndalama pa foni.

Zimene analembazo, abale, mukanaziona. Chingerezi chokhachokha, chotalika ngati sichidzatha. Anayambira pa mbiri yakuti Mchinji kale ankaitcha Fort Manning, n'kupita ku nyanja, n'kufotokoza kukoma kwa chambo. Nyanja ili kuti pa Mchinji pano? Pa ndime iliyonse anabwereza "best lodge in Mchinji" mpaka munthu kuchita chizungulire. Zinali ngati ndiwo zothiridwa madzi kuti zikwanire alendo, msuzi mbwee koma nyama osaipeza. Mtengo wa chipinda panalibe. Nambala ya foni inali kumapeto kwenikweni, kumene palibe munthu wa bandulo yochepa angafike. Zoti tili ndi mpanda ndi mlonda, zimene woyendetsa galimoto aliyense amafunsa asanapereke ndi moni womwe, sanatchule n'komwe.

Miyezi inadutsa, pa Google zii. Chimene chinandiwawa kwambiri ndi mwezi wa August. Amene mumakhala kuno mukudziwa mmene msewu wa M12 umadzazira anthu akamapita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Ena amafika madzulo, amafuna pogona kuti m'mawa alawirire pa boda, pajatu kuchoka pa Boma kukafika pa boda ndi makilomita pafupifupi 12 okha. Anthu amenewo amasaka pogona ali m'galimoto, foni ili m'manja. Ife chaka chimenecho tinangodalira a kabaza kutibweretsera alendo monga mwa masiku onse, webusayiti ili phee, ndalama itapita kale.

Ndikaimba foni yankho linali limodzi: "Bwana, mpikisano wakula, tionjezere mawu afike 3,000." Ndalama inanso. Apa m'pamene ndinakana, n'kunena kuti andipatse pasiwedi ndikaonetse wina. Anati zimenezo sapereka pa foni, ndifike ku ofesi.

Tsiku limenelo ndilo sindidzaliiwala. Ndinadzuka kusanache, n'kukwera minibasi yoima paliponse, pa Kamwendo kudikira kuti idzaze, pa Namitete chimodzimodzi. Ulendo wa makilomita oposa 100 kuti ndikatenge kachinthu kolembedwa pa mzere umodzi! Ndifike pa ofesipo, mtsikana wa pa kauntala akuti amene amasunga mapasiwedi watuluka pang'ono, khalani pansi. Ndinakhala. Nkhomaliro inadutsa. Foni yake sinkayankhidwa. Kenako akuti wapita ku maliro, kenako wina akuti ayi, ali ku msonkhano. Dzuwa litapendeka anandiuza kuti ngakhale akanakhalapo, pali kandalama kena kosamutsira webusayiti kupita m'dzina langa. Webusayiti yanga yomwe, imene ndinalipira ndekha. Ndinapempha kuti andionetse pamene zinalembedwa mu mgwirizano wathu, palibe anandionetsa. Ndinabwerera ku Mchinji usiku, chimanjamanja, nditadya chimanga chootcha cha pa depoti basi. Pasiwediyo anadzatumiza pa WhatsApp patapita nthawi, nditalipira kandalamako. Pa WhatsApp pomwe paja ankati n'zosatheka.

N'chifukwa chake ndikubwereza, dzina la webusayiti lilembetsedwe pa imelo yanu kuyambira tsiku loyamba. Wokukonzeraniyo mumupatse mpata wolowa, koma mwini wake mukhale inu.

Amene anandimasula ndi mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, atabwera ku holide kuchokera ku koleji. Choyamba chimene anachita, ndipo inunso chitani lero lomwe, analemba pa Google mawu akuti site: n'kutsatiza dzina la webusayiti yathu popanda kusiya mpata. Imeneyi ndi njira yoonera masamba anu amene Google ikuwadziwa. Sipanatuluke kanthu. Analowa mkati mwa WordPress, pulogalamu imene anapangira webusayiti yathu, pa Settings, pa Reading, n'kuyamba kuseka. "Amalume, bwerani mudzaone." Pali kabokosi kolembedwa "Discourage search engines from indexing this site", kamene okonza amakachonga webusayiti isanathe kuti anthu asaione ili yosamaliza. Kabokosi kameneko kanali kochongedwabe. Nthawi yonse ija webusayiti yathu inkauza Google kuti isatilembe m'kaundula wake. Akanalemba mawu 10,000 kapena buku lathunthu, palibe chikanasintha. Ine sindinaseke nawo.

Atachotsa kachizindikiroko anatsegula Google Search Console, chida cha Google choonera mmene webusayiti yanu ikutulukira anthu akamasaka. Ndi yaulere, wina asakulipiritseni. Mumatsimikizira kuti webusayiti ndi yanu, mumapereka sitemap, umene ndi mndandanda wa masamba anu onse, ndipo pali poika adiresi ya tsamba n'kupempha kuti Google idzaliwerenge. Sizituluka tsiku lomwelo, pamafunika kudekha. M'menemonso mumaona mawu amene anthu analemba kuti akupezeni, ndipo mawu amenewo ndiwo amakuuzani zoti mulembe.

Za mawu 2,000 zija mphwanga anandiwerengera zimene a Google eni ake analemba mu malangizo awo a kalembedwe kothandiza anthu. Muli funso lofunsa ngati ukulemba mofuna kufika pa chiwerengero china cha mawu chifukwa unamva kuti Google ili ndi chiwerengero chimene imakonda, ndipo ayankha okha pomwepo kuti alibe. John Mueller, mmodzi mwa owalankhulira pa nkhani zimenezi, wakhala akunenanso kuti kuchuluka kwa mawu si muyeso woikira tsamba pamwamba. Kafukufuku amene anthu amakonda kutchula alipodi. Mu 2020 a Backlinko, amene amafufuza za kuoneka kwa mawebusayiti pa Google, anaunika zotsatira za Google zokwana 11.8 miliyoni n'kupeza kuti masamba otuluka koyambirira amakhala ndi mawu pafupifupi 1,447 mukawaphatikiza n'kugawa. Koma kafukufuku yemweyo sanapeze kuti kutalika n'kumene kumakweza tsamba pakati pa masamba amenewo. Mbali yachiwiriyi ogulitsa mawu saitchula. Masamba ambiri otalika ali pamwamba chifukwa funso lake ndi lalikulu ndipo aliyankha mokwanira. Funso la munthu wotopa amene akufuna bedi pa Mchinji si lalikulu.

Ndipo kubwerezabwereza "best lodge in Mchinji" kuja, a Google amakuwerengera m'gulu la chinyengo, amati keyword stuffing, ndipo kungathe kukutsitsani. Ndiye kuti ndinalipira kuti andikumbire dzenje.

Tinafufuta zonse. Tinakhala pa khonde ndi mayi amene amalandira alendo pa kauntala yathu, mphwanga n'kuwafunsa kuti, "Amayi, anthu akaimba foni amafunsa chiyani?" Iwo anangoziyala: chipinda ndi zingati, chimbudzi chili mkati kapena panja, madzi otentha alipo, magetsi akathima pali sola, galimoto igona mkati mwa mpanda, kuchoka pa depoti ndiyenda bwanji, mumalandira Airtel Money kapena Mpamba, nanga kwacha ya ku Zambia. Tinayankha mafunso amenewo limodzi ndi limodzi, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, nambala ya foni pamwamba penipeni poti munthu akangoidina iimbe. Tsamba lonse silinafike mawu 400. Kapulogalamu ka Yoast kamene kali mu WordPress kamayatsa kadontho kofiira kapena kachikasu mawu akachepera 300, koma limenelo ndi langizo la kapulogalamuko, si lamulo la Google. Musathire mawu opanda pake pofuna kuti kadontho kabiriwire.

Sindikunena kuti chachifupi ndiye chabwino nthawi zonse. Tili ndi tsamba lina lofotokoza za kuoloka boda, ndipo limenelo linatalika lokha popanda wolikoka. Anthu amafunsa zambiri. Kuyambira pamene anatsegula malo atsopano a pa boda ya Mchinji ndi Mwami mu December 2022, pamene mbali zonse ziwiri zimagwirira ntchito pamodzi, ena amene anadutsa kalekale amafuna kudziwa kuti zasintha bwanji. A galimoto amafunsa za inshuwalansi ya COMESA ija amati Yellow Card, ena za mayendedwe ofikira ku Chipata, azungu za njira ya ku Mfuwe kokaona nyama ku South Luangwa. Tinalemba zimene tikuzidziwa bwino zokha, za malipiro a pa boda tinasiya chifukwa zimasinthasintha. Tsamba limenelo linapitirira mawu 1,000, ndipo palibe ndime imene ndingaichotse osamana munthu yankho. Muyeso wanga tsopano ndi umenewo: mafunso akatha, cholembera pansi.

Ndaiwala za zithunzi, izi zinachitika tisanalembe n'komwe. Anyamata aja anaika zithunzi mmene zinachokera mu kamera, zolemera, moti pa netiweki ya kuno tsamba linkangozungulira. Google masiku ano imaweruza webusayiti poona mmene ikuonekera pa foni, osati pa kompyuta. Mphwanga anazichepetsa zonse, ndipo anachotsa chithunzi cha nyanja chimene anyamatawo anaikapo. Yesani webusayiti yanu pa foni wamba muli pa msika, osati pa Wi-Fi ya mu ofesi ya wokukonzeraniyo.

Komanso mutu wa tsamba, uja umaoneka wa buluu pa Google. Ukatalika kupitirira zilembo pafupifupi 60 umadulidwa. Wathu unali ndi mawu otamanda okhaokha, dzina la Mchinji n'kudulidwa kumapeto. Tsopano uli ndi dzina lathu, ntchito yathu ndi malo, basi.

Koma kunena mosabisa, foni zambiri zimene tikulandira sizikuchokera pa webusayiti. Zikuchokera pa Google Business Profile, ija imakuikani pamapu, imene kale inkatchedwa Google My Business. Nayonso ndi yaulere, ndipo anyamata aja sananditchulirepo, mwina poti mulibe mawu owerengera. Pofotokoza bizinesi yanu amakupatsani malo a zilembo 750 zokha. Zilembo, osati mawu. Adiresi ya P.O. Box saloleza, ndiye kwa ife opanda manambala a nyumba mumaika kachizindikiro pamapu pamalo enieni pamene muli. Imani pa geti penipeni pochita zimenezi, apo ayi alendo azikagogoda kwa aneba.

Potsimikizira kuti malowo ndi athu anatipempha vidiyo. Imajambulidwa nthawi yomweyo pa foni, yosadukiza, ndipo imafunika ionetse msewu kapena zozungulira, chikwangwani chokhala ndi dzina lofanana ndi limene mwalembetsa, ndi china chosonyeza kuti ndinu oyendetsa malowo. Ine ndinayambira panja, n'kuonetsa chikwangwani, n'kulowa, n'kutsegula ofesi ndi kiyi, n'kuonetsa buku la malisiti. Gulani bandulo yokwanira ndipo jambulani m'mawa netiweki isanadzaze, chifukwa ikaduka pakati mumayambiranso. Chikwangwani chathu chinali chitafufutika, tinayamba taitana wolemba zikwangwani wa pa msika kudzachikonza. Ndalama imeneyo yokha ndiyo sindikuidandaula pa nkhani yonseyi.

Kenako muzipempha alendo okhutira kuti alembe maganizo awo pamapupo akamachoka. Osawalipira, osalemba nokha pa foni za abale, zimenezo n'zoletsedwa ndipo angathe kuzichotsa. Mitengo ikasintha, monga mmene ikusinthira masiku ano, sinthani pa tsamba tsiku lomwelo. Mlendo akafika n'kupeza mtengo wina amapsa mtima, ndipo amakalemba.

Sabata yatha mmodzi mwa anyamata aja anandiimbira, akuti aona kuti tayamba kuoneka, ndiye ali ndi pulogalamu yatsopano yolemba nkhani ya mawu 2,500 mwezi uliwonse pa mtengo wotsika. Ndinamufunsa za kabokosi kaja. Anati afunse kaye mnzake amene anakonza, adzandiimbiranso. Pasiwedi tinasintha kale, ndipo mphwanga anachotsa maakaunti awo onse mu WordPress asanabwerere ku sukulu.