Bokosi loponyamo zivindikiro: mtundu wachitatu watheka

Mtundu wachitatu wa bokosi la masewero a ana lomwe takhala tikupanga watheka, ndipo tsopano ukugwira ntchito yomwe tinkafuna. Kwa amene akuyamba kumene: ndi katoni ya nsapato yoboola pamwamba, mwana amalowetsa chivindikiro pampatapo, chimagwera mkati kuti gubudu, iye n'kuchifunafuna. Amasewera ana a miyezi 9 mpaka zaka ziwiri.

Chimene mwana akuphunzira apa si kuponya chabe. Cha m'miyezi 8 kapena 9 amayamba kuzindikira kuti chinthu chikabisika sichinathe, chilipobe penapake, nkhani yomwe Jean Piaget, katswiri wa kakulidwe ka nzeru za ana, adaifotokoza kalekale. Nthawi yomweyo chala chamanthu ndi chamkombaphala zimayamba kugwirizana potola zinthu. Chovuta kwambiri n'kutaya dala chomwe wagwira. Khanda limadziwa kufumbata lisanadziwe kufumbatula, ndiye mukaona kadzanja kali pamwamba pa mpata, chivindikiro chili m'manja osachisiya, musaganize kuti wakanika. Ndi pomwepo pali ntchito.

Mtundu woyamba unali ndi bowo lozungulira la masentimita 9. Linakula kwambiri: mwana amangopisa dzanja lonse, dzanja osapotoka n'komwe. Wachiwiri tinaupanikiza, mpata n'kukhala wofanana ndendende ndi chivindikiro, ndipo chinkakakamira pakhomo mpaka mwana kukwiya. Muyeso womwe wakhazikika ndi uwu: mpata utalike sentimita imodzi kuposa chivindikiro, ndipo m'lifupi upitirire ndi theka la sentimita. Zivindikiro zathu ndi za masentimita 7, zochindikala sentimita imodzi, choncho mpata ndi wa masentimita 8 ndi 1.5. Dulani ndi mpeni wakuthwa motsatira rula, kenako matani selotepi yaikulu m'mbali monse mwa mpatawo. Mukapanda kutero, malovu amafewetsa katoni ndipo imayamba kunyenyeka mwana n'kumadya tizidutswa.

Bokosi linkagubuduzikanso mwana akalitsamira. Tadzaza mchenga m'botolo la mamililita 500, kulitseka zolimba, n'kulimata pansi mkati mwa bokosi cha kumbuyo. Kutsogolo tadula kakhomo ka masentimita 10 ndi 8, mbali zitatu zokha kuti kazitseguka ngati chitseko. Kakhomoka n'kofunika kuposa momwe kakuonekera. Popanda iko zivindikiro zikatha masewero atheranso pomwepo, ndipo mwana saona kuti chomwe chinasowa chija chabwerera. Kwa wosakwana chaka, chotsanitu kachitsekoko ndipo ikani katoni yopendekeka mkati kuti chivindikiro chizitsetsereka n'kutulukira pamapazi pake.

Tizivindikiro ta mabotolo a zakumwa ayi. Timakhala pafupifupi masentimita atatu, ndipo mwana angatsamwe nato. Yesani chilichonse ndi kachubu ka katoni ka pepala la kuchimbudzi: chikadutsa m'kachubuko, si cha mwana wosakwana zaka zitatu. Zivindikiro zachitsulo muzizisisita ndi chala m'mphepete, chokanda kapena chadzimbiri chitayidwe. Maginito ndi timabatire tozungulira ta m'mawotchi zisayandikire n'komwe bokosili.

Kaseweredwe kake kamavuta akulu kuposa ana. Khalani pansi moyang'anizana ndi mwana, bokosi pakati. Onetsani kawiri pang'onopang'ono, mukunena mawu amodzi okha, monga "lowa!", ndipo chikagwa dikirani akuyang'aneni musanati "chapita kuti?" Kenako mupatseni chimodzi, manja anu abwerere pamiyendo, muwerenge chamumtima mpaka 10. Makolo ambiri amalephera pamenepa. Amagwira dzanja la mwana n'kumulowetsera, chivindikiro chimalowadi, koma amene waphunzira kupotoza dzanja ndi mayi kapena bambo. Akavutika kwambiri, tembenuzani bokosi kuti mpata ulunjike momwe wagwirira chivindikiro, dzanja lake lisiyeni.

Zivindikiro zisanu n'zokwana, zikachuluka amangozimwaza. Mphindi zisanu mpaka 10 ndi nthawi yabwino, ndipo akatembenuza nkhope kapena kuyamba kukwawira kwina, atopa, musamubweze. Akayamba kuziponya kutali, muikireni beseni aziponyeramo, ndi masewero enanso amenewo.

Akazolowera, sinthani chinthu chimodzi chokha pa nthawi. Cha pa chaka ndi theka zungulitsani bokosi kuti mpata uloze kwa iye m'malo mopingasa, dzanja lipotoke kwambiri. Pofika zaka ziwiri dulani mpata wachiwiri, muzungulize wina ndi pepala lofiira wina lobiriwira, azisankha chivindikiro cha mtundu wake, inu mukuwerenga mokweza. Miyeziyi ndi yongoyerekezera, ana amasiyana.

Popeza awa ndi masewero okhala pansi, tayamba kumwaza zivindikiro m'chipinda chonse kuti azitola chimodzichimodzi n'kubwera nacho. Malangizo a 2019 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azitakataka mphindi zosachepera 180 patsiku, ndiye maulendo opita ndi kubwerawa amawerengedwa nawo.

Chatsala ndi denga la bokosi. Likuyamba kubonyoka pakati chifukwa chotsamiridwa, ndipo selotepi sikuthandiza. Mtundu wachinayi tiuyesa pa kontena yapulasitiki, m'mphepete mwa mpata titapala ndi sandipepa.