Tinakaona mtsempha wa khoswe ukumasuka ku Johannesburg

Tinanyamuka pa Wenela m'mamawa tili anthu 11, anamwino ndi ma clinical officer. Basi inadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo pofika ku Johannesburg mapazi a mayi amene amatitsogolera anali atatupa moti nsapato anachita kunyamula kumanja. Za pa boda ndisiye, amene anadutsapo akuzidziwa.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika tsiku lachitatu, m'labotale ya yunivesite imene inatilandira. Mtsikana wina wochita kafukufuku anatisonyeza kamphete kochepa ngati mkanda, kodulidwa ku mtsempha waukulu wa magazi wa khoswe. Anakakoleka pa tiwaya tiwiri m'kabotolo ka madzi a mchere ofunda madigiri 37, tithovu ta mpweya tikukwera. Kawaya kamodzi kanali kolumikizidwa ku kompyuta. Atadonthezamo mankhwala otchedwa phenylephrine, mzere pa sikirini unakwera, kusonyeza kuti mnofu wa mtsemphawo wakungika. Atathiramo ena otchedwa acetylcholine, mzere uja unayamba kutsika pang'onopang'ono. Kenaka anatenga kamphete kena, n'kukapala m'kati ndi kachitsulo. Anathira mankhwala omwewo, mulingo womwewo. Mzere unangoti njo pamwamba pomwepo.

Chimene anapalacho ndi kakhungu kam'kati kotchedwa endothelium, kopyapyala kwambiri, maselo ake osasanjikizana. Wasayansi Robert Furchgott anazindikira zimenezi ku Brooklyn, ku America, pa mitsempha ya akalulu, n'kuzilengeza mu 1980, koma panapita zaka kuti anthu adziwe kuti uthenga umene kakhunguka kamatumiza ndi mpweya, nitric oxide. Acetylcholine akafika, maselo a kakhunguka amaupanga kuchokera ku L-arginine, chimodzi mwa zinthu zomangira mapuloteni, ndipo sukhalitsa, masekondi ochepa basi watha. Pa kanthawi komweko umalowa m'selo la mnofu n'kudzutsa puloteni yotchedwa guanylate cyclase, imene imapanga kamthenga kena kotchedwa cGMP. Nayo cGMP imadzutsa puloteni ina, protein kinase G, calcium amachepa m'selomo, myosin amataya actin amene anamugwira (awa ndi mapuloteni awiri amene akakokana mnofu umakungika), mtsempha n'kutanuka. Ine zinandikumbutsa mmene uthenga wa mfumu umayendera kumudzi, uyu kuuza uyu mpaka ufike kwa mwini nkhani. Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel mu 1998 chifukwa cha ntchitoyi.

Mtsikana uja sanalekere pomwepo. Pa kamphete kopalidwa kaja anathirapo nitroglycerin, ndipo kanamasuka bwinobwino, poti mankhwalawa amabweretsa okha nitric oxide, safuna mkhalapakati. Ndi nitroglycerin yemweyo amene Alfred Nobel, mwini mphoto ija, ankapangira dayinamaiti, ndipo atadwala mtima kuukalamba madokotala anamulembera yemweyo.

Bambo wina wa m'gulu lathu, amene samachedwa kufunsa, anati, "Nanga timapiritsi ta buluu tija tikulowa pati?" Tonse tinafa nacho chiseko. Yankho lake linali losaseketsa. Sildenafil, mankhwala a m'timapiritsi tothandiza abambo kuchipinda timeneti, amatsekereza puloteni yotchedwa PDE5, imene ntchito yake ndi kuphwanya cGMP. Munthu akamwa ameneyu pamodzi ndi mankhwala a nitrate, monga nitroglycerin uja, amene timapereka pa ululu wa pachifuwa, kwinaku cGMP ikupangidwa yambiri, kwinaku palibe woichotsa, ndipo BP imatha kugwa mpaka munthu kukomoka kapena kumwalira. Ndinaganizira abambo amene amabwera ku kiliniki yathu ndi ululu wa pachifuwa. Sindinawafunsepo za timapiritsi timeneti, ndipo iwo sangayambe okha kunena.

Amlodipine, amene ndakhala ndikupereka kwa odwala BP zaka zonsezi, amadzera njira ina: amatseka makomo amene calcium amalowera m'selo. Amatanula kwambiri timitsempha tolowetsa magazi kuposa totulutsa, n'chifukwa chake ena amatupa akakolo. Atamva zimenezi mayi athu aja anayang'ana mapazi awo, n'kuulula kuti nawonso amamwa amlodipine, ndiye mlandu asaupereke kwa basi yokha. Pobwerera anapempha mpando wa kutsogolo, ndipo basi ikangoima amatsika n'kumayendayenda.