Kanayi ndi theka pa nsanja ya Dom, miyendo yakana

Ndikulemba izi mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, chifukwa sabata ino ndakwera nsanja ya tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Cologne ku Germany kanayi ndi theka. Theka limenelo ndifotokoza kumapeto, ndi manyazi anga. Amene anakwerapo akudziwa kuti si zamasewera, masitepe 533 ndipo chikepe palibe, umangodalira mawondo ako basi. Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo, ndimawalandira pa siteshoni, kuwazungulitsa mumzinda, kenako ofuna kukwera ndimakwera nawo. Anzanga amati iwe umadya zaulere, umalipidwa chifukwa chongoyendayenda. Bwerani mudzayese kaye.

Lolemba ndinali ndi gulu la akuluakulu, ambiri opuma pantchito. Chimene chimandisangalatsa pa ntchito imeneyi ndi mphindi ija anthu akangotuluka pa siteshoni ya sitima, chifukwa tchalitchicho chili pompo, sufuna kuchifunafuna, umangotuluka pakhomo n'kuchipeza chakuimira kutsogolo, nsanja ziwiri mamita 157 m'mwamba. Phokoso lonse zii, makosi chagada. Eni mzindawo sachitchula dzina lalitali, amangoti Dom. Ndiye funso loyamba silisintha, gulu lililonse pamapezeka wina wofunsa kuti kodi chinapsa, bwanji chada chonchi? Ayi sichinapse. Miyala yake ndi imene yakhala ikumwa utsi wa malasha, wa masitima ndi wa mafakitale kwa zaka zambirimbiri, mvula n'kumawonjezera pamwamba. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mabomba 14 anachigwera koma chinaimabe pamene nyumba zozungulira zinasanduka bwinja.

Mbiri ndimaifotokoza tili panja pomwe, anthu asanatope. Mwala woyamba anaika pa 15 August 1248, ntchito yonse inatha 1880, zaka 632. Koma sikuti ankamanga nthawi yonseyo ayi, pakatipa ntchito inaima kwa zaka pafupifupi 300, ndipo chimakina chamatabwa chokwezera miyala chinangotsala chili pamwamba pa nsanja yosatha ya kum'mwera, anthu kubadwa, kukalamba, kufa akuchiona pomwepo, mpaka anachitsitsa mu 1868. Anayambiranso kumanga mu 1842, ndipo mwayi wake mapulani akale a kutsogolo kwa tchalitchicho anali atapezeka, chidutswa china ku Darmstadt china ku Paris. Bambo wina wa m'gululo, amene anati anali kontirakita, anaseka mpaka kupukuta misozi, akuti ndiye kuti ine anthu ankangondinena pachabe ndikachedwa ndi miyezi itatu. Okwera tsiku limenelo anali asanu okha, tinapita pang'onopang'ono, palibe chinachitika.

Lachiwiri ndiye kunali ntchito. Ana asukulu ya sekondale ndi aphunzitsi awo awiri. Khomo lokwerera nsanja silili mkati mwa tchalitchi, umatsika kaye pansi cha kumbali ya kum'mwera n'kudutsa m'kanjira koboola maziko enieniwo, miyala yake ukuiona ndi maso, kenako masitepe amayamba. Ndi ozungulira ngati chigoba cha nkhono, opapatiza, ndipo vuto lake okwera ndi otsika mumagwiritsa ntchito njira imodzi yomweyo, ndiye wina akamatsika ndi chikwama chachikulu kumsana umachita kudzipanikiza kukhoma mpweya utaugwira. Pakati pa sitepe iliyonse panadyeka ndi nsapato, pali kadzenje kosalala. Makoma onse mayina okhaokha, anthu analemba ndi mapeni, ndi makiyi, ena mpaka deti. Ine zimandinyansa zimenezi, ndimauziratu ana kuti amene ndimuone watulutsa peni tikumana pansi.

Ana amayamba ndi liwiro, akuwerenga mokuwa, wani, thu, fili, kufika cha m'ma 150 kuwerenga kwatha, kwangotsala wefuwefu. Ine ndinaphunzira kale kuti pamasitepe sufotokoza mbiri, palibe akumva. Chimene umachita ndi kumvetsera kapumidwe ka anthu ako, ndani wasiya kuyankhula, ndani wagwira khoma ndi manja awiri. Zaka ndi mayina a mabishopu aliyense atha kuloweza, koma kudziwa kuti uyu atsala pang'ono kuchita chizungulire zimabwera ndi kukwera kambirimbiri.

Cha kumtunda masitepe amwala amatha, pamabwera achitsulo oti ukayang'ana pansi ukuona kuphompho kudzera m'mipata, mphepo ikulowa mbali zonse. Apa ndi pamene mtsikana wina anauma. Osalira, osakuwa, anangogwira chitsulo zala mpaka kuyera, maso ali gwa. Anzake adutsa kale, kumbuyo mzere wayamba kutalika, wina wayamba kale kung'ung'udza. Ndinamuuza kuti mwanawe usayang'ane pansi, usayang'anenso kumwamba, yang'ana zidendene za nsapato zanga, ndikasuntha iwe ponda pamene ndachoka. Aphunzitsi anaima kumbuyo kwake kutchinga. Tinakwera choncho sitepe imodzi imodzi, ine ndikumufunsa zopanda pake, dzina la galu wake, phunziro limene amadana nalo, kuti mutu ukhale kwina. Titafika pamalo oonera, pafupifupi mamita 97 kuchokera pansi, anzake ali piringupiringu ndi mafoni pa waya wotchinga uja kujambula mtsinje wa Rhine ndi mlatho wa Hohenzollern, masitima akuoneka ngati zidole, iye sanapite n'komwe kumphepete. Anakhala chotsamira khoma n'kumawerenga mayina aja ndimadana nawo aja. Potsika anatsogola yekha.

Lachitatu mvula tsiku lonse, gulu linakana kukwera, ine mumtima ndikuti zikomo Ambuye. Tinathera mkati. Bokosi lagolide limene amati muli mafupa a anzeru atatu a kum'mawa aja, amene anawabweretsa kuchokera ku Milan mu 1164, ndi chifukwa chake tchalitchi chachikulu chonchi chinamangidwa, kuti anthu obwera kudzapembedza azikwanamo. Windo la katswiri wa zojambula Gerhard Richter la mu 2007, timagalasi ta makona anayi topitirira 11,000 ta mitundu 72, linagawa gulu pawiri monga mwa nthawi zonse, ena akuti ndi lokongola ena akuti likuoneka ngati TV yowonongeka. Ine ndimalikonda dzuwa likawala, tsiku la mvula ndimangokhala chete. Mmodzi wa alonda ovala mikanjo yofiira aja anakumbutsa bambo wina kuvula chipewa, mwaulemu ndithu, bamboyo anachita manyazi ngati mwana.

Lachinayi mayi wina anandikwiyira ine chifukwa cha zitsulo zokwerapo amisiri zimene zinamuwonongera chithunzi, akuti bwanji kampani yanu sinatiuze kuti kuli kukonza. Mayi, ndinatero, mukafuna kudikira tsiku loti pasakhale chitsulo paliponse mudikira mpaka kalekale. Dom ili ndi amisiri akeake okhazikika, amawatcha Dombauhütte, osema miyala, okonza magalasi, osula zitsulo, ntchito yawo ndi kuchotsa mwala wofumbutuka n'kuika wina wosemedwa chimodzimodzi, akamaliza mbali ino mbali ina yayamba kale kudyeka. N'chifukwa chake ukayang'anitsitsa umaona timiyala toyera pakati pa yakuda. Anthu a mumzindawu ali ndi kanthabwala kawo koti tsiku limene Dom idzathe kumangidwa ndiye kutha kwa dziko. Mayiwo sanaseke, koma anakwera nafe mpaka pamwamba.

Tsopano theka lija. Lachisanu ndinali ndi anthu 18. Takwera bwinobwino, tatsika, tafika panja ndikuwerenga mitu, 17. Kuwerenganso, 17. Kulakwa kunali kwanga, lamulo langa ndi loti ndimatsika womaliza, koma tsiku limenelo ndinatengeka ndi macheza n'kutsogola. Foni ya munthuyo ikungoitana. Ndinasiya gulu ndi mkulu wawo, kufotokozera a pakhomo, n'kuyambanso kukwera miyendo ikunjenjemera, mutu uli ndi zoipa zokhazokha, kaya wakomoka, kaya mtima.

Ndinawapeza m'chipinda cha mabelu, cha pakati pa ulendo, madala a imvi atakoleka manja kumbuyo, akuyang'ana belu lalikulu lija la St Peter, limene eni ake amalitcha decke Pitter, kutanthauza Petulo wonenepa. Analiumba mu 1923 ku Apolda, limalemera matani pafupifupi 24, kukamwa kwake kupitirira mamita atatu. Ndinati agogo, anthu onse akukudikirani pansi. Akuti ndikudikira lilire, kwathu ndakhala woimba belu kutchalitchi zaka zambiri, sindingachoke osalimva. Ndinachita kuwafotokozera kuti limeneli sililira tsiku lililonse, amaliimba pa zikondwerero zikuluzikulu zokha ngati Khirisimasi ndi Isitala, kapena papa kaya bishopu wamkulu wa mzindawu akamwalira. Ndinawauzanso za pa 6 January 2011, pamene chitsulo chomenyera mkati mwake chinathothoka belu lili mkati molira n'kugwera pansi m'chipindamo, mpaka anachita kusula china. Apa ndiye maso awo anawala, mafunso kuyamba, chinathyokera pati, chatsopanocho n'chopepuka kapena cholemera, amachimangirira bwanji. Ine thukuta kamukamu, foni ikulira m'thumba, mkulu wa gulu akufunsa ngati aitane ambulansi.

Tinatsika limodzi, iwo patsogolo ine kumbuyo ngati mmene zimayenera kukhalira poyamba paja. Cha pakati anaima, kutembenuka, akuti mwana wanga, ukupuma moipatu iwe, ukhale kaye pansi.